Mwana wofunsafunsa: kuchepetsa khalidwe labwino lomwe lanyanya popanda kulipheratu

Chaka china ndikuphunzitsa sitandade 3 ndinali ndi kamtsikana kena kanzeru zake ndithu, kaukhondo, makope ake okutira bwinobwino ndi nyuzipepala, koma abale inu kanali kofunsa. Ndikangolemba samu yoyamba pa bolodi dzanja lili kale m'mwamba, zala zikulira, "Madamu! Madamu! Ndilembe ndi deti yomwe?" Ndayankha. Ndisanatembenuke n'komwe, "Madamu, ndijambule mzere pansi?" Kenako kadzuka ndi kope, kakupondaponda miyendo ya anzake okhala pansi kubwera kutsogolo kuti ndione ngati 7 wake waima bwino, pomwe ana ena oposa 90 akungondiyang'ana kudikira kuti ndipitirize.

Tsiku lina zinandikwana, ndinakakalipira pamaso pa anzake, "Iwe, m'kalasi muno ulimo wekha eti?" Ndipo zinatheka, kanasiyadi kufunsa. Ine kusangalala. Patatha sabata ndikuchonga makope ndinapeza kuti samu zochotsera zija zobwereka kanalakwa zonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, sikanamve chilichonse ndipo sikanayerekeze kukweza dzanja ngakhale kamodzi. Vuto langa linali kuchuluka kwa mafunso, koma chomwe ndinapha ndi kufunsa kwenikweniko.

Nkhani ndi imeneyi. Pali makhalidwe ena omwe si oipa mpang'ono pomwe, vuto lake ndi loti amangochitika kambirimbiri. Kukweza dzanja, kufunsa thandizo, kupempha madzi akumwa, kuitana mayi, kupereka moni, kuyankhula pa msonkhano wa banki m'khonde, zonsezi ndi zabwino ndipo munthu amene sachita n'komwe timamudera nkhawa. Nde ukafuna kuzichepetsa sungagwiritse njira zomwe umagwiritsa pa kumenya anzake kapena kuba choko, chifukwa kumenya umafuna kuthetseretu pomwe kufunsa umangofuna kutsike kufike pa mlingo woti aliyense apume.

Akatswiri a zamakhalidwe ali ndi njira yake ya zimenezi, pachingerezi amati differential reinforcement of low rates, mwachidule DRL. Musaope dzinalo. Mutu wake ndi woti munthu umamupatsa mphotho pamene wachita chinthucho mochepa kapena motalikitsa nthawi, ndipo akachita mopitirira mlingo mphothoyo palibe, basi, popanda chikwapu kapena kumugwaditsa pa miyala. Koma mawu oti mphotho apa tisamale nawo, chifukwa ambiri tikamva mphotho timaganiza za masiwiti ndi mabisiketi. Kwa akatswiriwa mphotho ndi chilichonse chomwe chikabwera pambuyo pa khalidwe chimapangitsa kuti khalidwelo libwerezedwe. Kuyang'anidwa ndi aphunzitsi ndi mphotho. Kumva dzina lako likutchulidwa ndi mphotho. Ngakhale kukalipiridwa kumene kwa ana ena ndi mphotho, sinanga m'kalasi ya ana 100 mwana amatha teremu yonse aphunzitsi osamutchulako dzina, nde akapeza kuti kusokosa kumawatembenuza aphunzitsi amangogwira pomwepo. Chomwe chimatiuza kuti ichi ndi mphotho si mmene ife akulu tikuchionera ayi, koma ngati khalidwe lija likukula chikaperekedwa.

Zinthuzi zinayambira pa makoswe ndi nkhunda, mukhoza kuseka. B. F. Skinner wa ku Harvard ku America ndi mnzake Charles Ferster anatulutsa buku lalikulu mu 1957 lotchedwa Schedules of Reinforcement, momwe anafotokoza zomwe ankaona akaika nkhunda m'kabokosi koti ikajompha kabatani ilandire chakudya. Ankasinthasintha malamulo a kabokosiko. Lamulo limodzi linali loti chakudya chituluka pokhapokha nkhundayo itadikira masekondi angapo kuchokera pomwe inajompha komaliza, ndipo ikapupuluma n'kujompha nthawi isanakwane wotchi imayambiranso pa ziro. Taganizani, nkhunda yanjala, chakudya chili pompo, njira yochipezera ndi kujompha komweko, koma kujompha kwambiri ndi kumene kukuchitalikitsa. Nkhunda zimavutika nazo zimenezi, zimalephera kambiri, koma pang'onopang'ono kujompha kumatsika. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi zomwe ofufuza ena analemba mu 1965 za khoswe yemwe pa lamulo lomweli anazolowera kumaluma mchira wake podikira, ndipo atamulepheretsa kuluma mchirawo kudikira kunayamba kumuvuta. Kutanthauza kuti ngakhale khoswe amafuna chochita pa nthawi yodikira. Muchisunge chimenechi, tibwererako.

Kuchoka pa nkhunda kufika pa ana a sukulu panatenga zaka. Mu 1973 Samuel Deitz ndi Alan Repp analemba m'magazini ya ofufuza yotchedwa Journal of Applied Behavior Analysis za mmene anayesera njirayi m'makalasi enieni, kwa mnyamata yemwe ankangoyankhula osapatsidwa mpata, kwa kalasi yathunthu, komanso kwa atsikana a ku sekondale omwe ankakonda kupatutsa nkhani pa nthawi ya phunziro n'kuyamba macheza awo. Mphotho zake sizinali zodula, zina zinali nthawi yopuma chabe. Deitz yemweyo mu 1977 ndi amene anazigawa njirazi m'mitundu itatu yomwe mabuku amaphunzitsabe mpaka lero.

Mtundu woyamba ndi wosavuta kuposa yonse, ndi umene aphunzitsi ambiri angakwanitse. Umatenga nthawi yonse yathunthu, kaya piriyodi imodzi, kaya kuyambira mmawa mpaka buleki, n'kuika malire, kuti ukafunsa kosapitirira kasanu piriyodi ikamatha ulandira chakuti. Suwerenga masekondi, sugwira wotchi, umangowerenga kuti kachitika kangati ndipo pamapeto umapereka kapena osapereka. Jennifer Austin ndi Deborah Bevan anachita zotere mu 2011 pa sukulu ina ya pulayimale ku Wales ndi ana atatu omwe ankaitana aphunzitsi pafupipafupi. Mwana aliyense anali ndi kakhadi kokhala ndi timabokosi, akaitana aphunzitsi amamuthandiza n'kusayina m'kabokosi kamodzi, nde mwanayo ankadzionera yekha kuti timabokosi tikutha. Kuitana kuja kunatsika.

Mtundu wachiwiri umadula nthawi ija m'tizigawo, mwachitsanzo piriyodi ya mphindi 30 kuigawa katatu, ndipo m'chigawo chilichonse mwana amaloledwa kamodzi kapena kawiri, chigawo chikatha bwino mphotho pompo. Umathandiza ana aang'ono amene kudikira mpaka kumapeto kwa piriyodi kuli ngati kudikira Khirisimasi. Koma umafuna maso ndi wotchi, ndipo mphunzitsi amene ali yekha ndi khamu la ana pansi pa mtengo ndikukayika ngati angaukwanitse tsiku ndi tsiku.

Wachitatu ndi uja wa nkhunda weniweni, wotalikitsa mpata. Apa suwerenga kuti kachitika kangati, umayang'ana kuti papita nthawi yaitali bwanji kuchokera pomwe kanachitika komaliza. Mwana akafunsa patapita mphindi zisanu kapena kupitirira umamuyankha ndi mtima wonse, akafunsa patangopita mphindi ziwiri umangomuuza mwachidule kuti "dikira kaye" n'kuyambiranso kuwerenga. Lennox, Miltenberger ndi Donnelly mu 1987 anagwiritsa njirayi pothandiza anthu akuluakulu atatu olumala kwambiri ubongo omwe ankadya mothamanga moti akanatha kutsamwa, anaika mpata wa masekondi 15 pakati pa kutapa ndi kutapanso, ndipo anapeza kuti zinayenda bwino pomwe anawonjezera kuwathandiza kuika foloko pansi ndi manja pamiyendo podikira. Mwaona za mchira wa khoswe zija? Munthu sadikira ndi manja opanda chochita.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mitundu iwiriyi, woyamba ndi wachitatu, imaoneka ngati ndi ana a mimba imodzi koma siichita zofanana. Mu mtundu woyamba mwana amene sanafunse n'komwe amalandira mphotho chimodzimodzi ndi amene wafunsa kanayi, pakuti ziro ndi wochepera pa 5. Mwana wochenjera amazindikira msanga kuti njira yotsimikizika yopezera mphotho ndi kungotseka pakamwa. Mu mtundu wachitatu sizingatheke, chifukwa mphothoyo imabwera pambuyo pa funso lenilenilo, ukapanda kufunsa supeza kanthu. Joshua Jessel ndi John Borrero anayerekeza mitundu iwiriyi mu 2014 ndi ophunzira a ku koleji pa kompyuta, ndipo anaona zomwezi, kuti woyamba uja umakonda kutsitsa khalidwe mpaka pafupi ndi ziro pomwe wotalikitsa mpata umalisunga lamoyo koma pa mlingo wochepa. Nde ngati chomwe ukuchepetsa ndi chinthu choti chitatheratu sungadandaule, monga kuyankhula osapatsidwa mpata, woyamba uli bwino. Koma ngati ndi chinthu chomwe mwana akufunika kukhala nacho moyo wake wonse monga kufunsa pomwe sanamve, uyenera kusamala, kaya ugwiritse wachitatu kaya uike malire a pansi, kuti ufunse kosachepera kamodzi koma kosapitirira kasanu.

Ine ndi kamtsikana kanga kaja zinayenda motere. Poyamba ndinakapepesa, inde mphunzitsi kupepesa mwana wa sitandade 3, anzanga ena anandiseka koma panalibe njira ina yoti kayambirenso kukweza dzanja. Katayambiranso, ndipo kanayambiranso ndi mphamvu zonse, ndinatenga masiku atatu osachita chilichonse koma kuwerenga basi, kakafunsa ndimaika kadontho ka choko pakona ya bolodi osauza munthu. Ndinapeza kuti pa piriyodi ya masamu kankafunsa ka 12 kapena kupitirira pang'ono. Kuwerenga kumeneku musakudumphe. Tikatopa timati "mwana uyu amafunsa ka 100", ndipo ukaika malire kuchokera m'mutu umaika 2 chifukwa ndi zomwe mtima wako ukufuna, mwana uja amalephera tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, mphotho osailawa n'komwe, kenako amangoti zimenezi si zanga. Malire oyamba amayenera kukhala pafupi ndi pomwe mwanayo ali kale, kapena kutsikirapo pang'ono chabe, kuti apambane msanga aone kuti masewerawa ndi otheka.

Makhadi osindikiza ndinalibe, koma zitsekerero za mabotolo zomwe ana amabweretsa zowerengera masamu zinalipo thumba lonse. Ndinakaitana pa buleki, tili awiri, n'kukawerengera zitsekerero 10 m'manja. "Mwanawe, chilichonse apa ndi funso limodzi. Ukafunsa ndikuyankha bwinobwino koma undipatsa chitsekerero chimodzi. Belu likalira uli nacho chotsala ngakhale chimodzi, ndipo wagwiritsako china, ndiwe ukafufuta bolodi n'kunditengera makope ku ofesi." Amene simunaphunzitsepo ana aang'ono mwina mukudabwa kuti kufufuta bolodi ndi mphotho yanji, koma ana amalimbirana dasitala ngati ndi mpando wa ufumu. Komanso taonani, chomwe kamtsikanaka kankafuna ndi kukhala pafupi ndi ine, nde mphotho yake inali yomweyo, kuyenda nane kuchokera m'kalasi mpaka ku ofesi tikucheza. Mphotho ikafanana ndi chomwe mwanayo amasaka ndi khalidwe lakelo zinthu zimapepuka kwambiri.

Tsiku loyamba kanatha zonse piriyodi isanafike pakati. Katakweza dzanja kachi 11, ine ndinangoloza m'manja mwake mopanda kanthu n'kupitiriza kuphunzitsa, osakalipa, osalalikira. Kanaliza zala mwamphamvu kuposa kale, kanaimirira, kanakhalanso. Zimenezi muziyembekezere, chinthu chomwe chakhala chikugwira ntchito chikasiya mwadzidzidzi munthu amayamba wachiwonjezera kaye asanachisiye, monga mmene timadinira batani la foni kambirimbiri ikazizira. Choopsa ndi kugonja pa nthawi imeneyoyo. Ukakana kasanu n'kuvomera kachisanu ndi chimodzi chifukwa mutu wayamba kuwawa, waphunzitsa mwana kuti chinsinsi ndi kukakamira, ndipo mawa adzakakamira kuposa lero. Amayi kunyumba mukuzidziwa izi, mwana wopempha ndalama ya zigege uja amene munamukaniza kanayi kenako n'kumuponyera K200 kuti angochoka.

Pofika sabata yachiwiri ndinayamba kuona chinthu chomwe sindinachiganizire. Kamtsikana kaja kakafuna kukweza dzanja kankayamba kayang'ana zitsekerero zake, kenako kayang'ana pa bolodi, mwina n'kusuzumira kope la mnzake kuona ngati walemba deti, dzanja n'kutsika lokha. Kanayamba kusankha mafunso. La deti ndi la mzere anafa okha, la "Madamu, pobwereka apa 3 uyu akhala chani?" linatsala. Ndinakapatsanso chochita podikira, kuti kasanafunse kayambe kawerenganso funso kawiri kenako kaike kanyenyezi pambali pa samu yomwe yavuta n'kupitiriza ina. Kakapambana masiku atatu otsatizana ndinkachotsa zitsekerero ziwiri, 10 kubwera pa 8, kenako 6, mpaka tinaima pa 4. Sindinapitirire pamenepo dala. Ana ena ofatsa m'kalasimo ankafunsa kawiri katatu pa piriyodi, nde panalibe chifukwa choti iko kafike pa ziro. Teremu ikamatha zitsekerero tinazisiya, kankangotenga dasitala mwa apo ndi apo, ndipo mafunso sanabwerere mwakale.

Pali anthu amene amati zimenezi ndi ziphuphu, kuti mwana azichita zabwino chifukwa ndi zabwino osati chifukwa cha dasitala. Ndimawamva, koma mwana uja anali akulandira kale mphotho ndisanayambe chilichonse, ankalandira maso anga ka 12 pa piriyodi. Ine sindinabweretse mphotho m'kalasi, ndinangosintha nthawi yomwe ikuperekedwa. Chomwe ndimavomereza pa dandaulo lawolo ndi choti masiwiti ndi ndalama zimavuta kuzisiya ndipo zimabweretsa nsanje pakati pa ana, nde ine ndimakonda mphotho za mwayi ndi udindo, kuimba belu, kutsogolera nyimbo, kusankha masewera.

Koma musathamangire zitsekerero musanadzifunse chifukwa chomwe khalidwelo lachulukira. Mwana wopempha kupita kuchimbudzi pafupipafupi mwina sakuthawa masamu, mwina ali ndi likodzo, lomwe kumadera a kunyanja ndi lofala, mwina ndi matenda a m'chikhodzodzo, mwina shuga, ndipo mtsikana wa sitandade 7 mwina ali kumwezi ndipo sangakuuzeni pamaso pa anyamata. Ameneyu ukamuikira malire wamulakwira, akufunika kuchipatala kapena mayi woti amuthandize. Mwana wofunsa kuti "pa bolodi palembedwa chani?" kakhumi mwina maso ndi amene akuvuta, musunthireni kutsogolo muone. Ngakhale za kudya mothamanga zija, mwana wokulira pa mbale imodzi ndi abale asanu amadziwa kuti wotafuna mofatsa amapeza ndiwo zatha, liwiro lakelo ndi nzeru, ukafuna atsike uyambe wamugawira mbale yakeyake aone kuti palibe womulanda. Ndipo pa zinthu zoopsa njirayi siyoyenera n'komwe, sunganene kuti uziluma anzako kosapitirira kawiri patsiku kapena uzithamangira mumsewu kamodzi kokha, zimenezo zili ndi njira zake zina zofuna kuthetseratu.

Kalasi yonse ikanyanya phokoso mutha kuchitanso zomwezi pagulu. Mu 1969 Harriet Barrish, Muriel Saunders ndi Montrose Wolf ku Kansas anayambitsa masewera omwe amatchedwa Good Behavior Game, kalasi kuigawa matimu awiri, wina akaphwanya lamulo timu yake imalembedwa kachizindikiro pa bolodi, ndipo timu yokhala ndi zizindikiro zochepa imapambana, kapena onse awiri amapambana ngati sanapitirire malire. Nzeru yake ndi yomweyi ya mtundu woyamba. Chongosamala ndi choti ana amatha kumuukira mnzawo amene akuwagwetsa, nde maso akhale pamenepo makamaka poweruka.

Kunyumba ndinayesako mtundu wachitatu uja ndi mwana wa achemwali anga wazaka zisanu, amene ndikakhala pa mbaula amabwera mphindi iliyonse, "Anti, nsima yapsa?" Wotchi sadziwa kuwerenga, nde ndinamuikira alamu pa foni ya mphindi zisanu n'kumupatsa nyemba kuti azisankha m'lichero. Alamu ikalira n'kubwera kudzafunsa ndimamuyankha mwaulemu wonse ngati mlendo, n'kumulawitsako kachidutswa ka tomato, akabwera isanalire ndimangoti "sinalire" n'kuiyambitsanso iye akuona. Kawiri koyamba analira iyeyo m'malo mwa alamu. Kachitatu anakhala pansi n'kuyamba kusankha nyemba, ngakhale zambiri zomwe anataya zinali zabwinobwino ndipo timiyala anatisiya momwemo.